MUDZI ULIWONSE UKHALE NDI ANTHU ODZIWA CITHANDIZO COYAMBA

Mau amene mkulu wina wa zofalitsa nkhani za Boma analankhula pamsonkhano wa atsogoleri a Cipani a kumidzi m'Cigawo ca Kum'mawa.



 Ndidziwa kuti ambiri mwa inu mwasiya makasu m'minda, ndipo ena mwabwera ndi ciyembekezo cakuti ndikamba za fataleza, za mtengo wa cimanga kapena za masankho. Nkhani zimenezo ziri ndi tsiku lake. Lero ndadza ndi nkhani ya kanthawi kaja kamene kamapita kucokera pamene munthu wagwa m'ngozi kumunda kufikira pamene wafika m'manja mwa namwino. M'kanthawi kameneko mulibe dokotala, mulibe Nduna ya Zaumoyo, mulibe ambulansi. Muli mkazi wake, muli mnyamata wobusa ng'ombe, muli inu.

Cigawo cathu ciri ndi zipatala zodziwika bwino: Chipata Central, St Francis ku Katete, Mwami, Nyanje, Minga, Kamoto, ndi zina za m'maboma. Koma nonse mudziwa kutalika kwa ulendo wocokera kudimba kukafika pakhomo pa zipatala zimenezi, makamaka m'dzinja pamene mitsinje yadzaza ndipo miseu ya kucigwa ca Luangwa yasanduka matope. Magazi a munthu sayembekeza kuti mtsinje uphwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa tsiku la ngozi fodya wa pamphuno ndiye mnansi wophunzitsidwa.

Ganizo limeneli si lacilendo m'dziko lathu la Zambia. M'caka ca 1965 kunayamba gulu la madokotala oyenda pa ndege, limene likulu lake liri ku Ndola, kuti anthu a kumadera akutali asafe opanda cithandizo. M'caka ca 1966 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Zambia Red Cross Society, limene kufikira lero limaphunzitsa cithandizo coyamba. M'caka ca 1978 maiko a dziko lapansi anasonkhana ku Alma-Ata, nagwirizana kuti nchito ya zaumoyo iyambire pamudzi, anthu eni ake atengemo mbali, ndipo dziko lathu linatsata njira imeneyo. M'caka ca 2011 sukulu ya ku Ndola inayamba kuphunzitsa othandiza pa zaumoyo a m'midzi, amene ankaphunzira caka cathunthu asanabwerere kwao. Malemu Dr Kenneth Kaunda, pophunzitsa Humanism, ankati munthu ndiye ayenera kukhala pakati pa zocita zonse za mtundu. Zonsezi ndi zabwino. Koma ndege sitera m'munda wa thonje, ndipo wothandiza pa zaumoyo mmodzi sangakhale pa midzi khumi nthawi imodzi. Mpata umene watsala ndi wathu kuti tiutseke.

Ndiyambe ndi ngozi imene timadzigulira tokha kusitolo. Alimi a thonje, a fodya ndi a matimati amakhala ndi mankhwala ophera tizirombo caka ndi caka, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2016, pamene mbozi zija zoononga cimanga zinalowa m'dziko muno, ngakhale mlimi wa cimanga cokha anayamba kupopera. Mankhwala amenewa salowa pakamwa pokha. Amalowa pakhungu, m'maso ndi mumpweya. Mlimi amasenza pampu yodontha kumsana dzuwa liri pamutu, malaya anyowa ndi mankhwala, iye ayesa ndi thukuta. Madzulo ayamba kumva mutu ndi cizungulire, thukuta lituluka losaleka, malovu angocuruka m'kamwa, asanza, atsegula m'mimba, minofu inthunthumira, kadontho kakuda ka pakati pa diso kacepa ngati nsonga ya singano, ndipo kupuma kuvuta. Pamudzi pamene palibe wodziwa, ena adzati ndi malungo, ena adzati walodzedwa cifukwa munda wake wabala bwino, ndipo usiku wonse udzatha anthu akukangana. Pamudzi pamene pali wophunzitsidwa, funso loyamba lidzakhala lakuti: kodi bamboyu anali kucita ciani lero masana?

Wophunzitsidwayo adziwa kuti ayambe wadziteteza yekha, ngakhale ndi mapepala a pulasitiki m'manja. Amcotsa wodwalayo pamalo a mankhwala, amvula zobvala zonse zonyowa, amsambitsa ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo ngati mankhwala alowa m'maso amatsuka masowo ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Tsono mverani bwino apa, cifukwa ndipo pamene ambiri timalakwa ndi mtima wabwino. Munthu amene wamwa mankhwala otere musamsanzitse. Musammwetse mkaka, mafuta ophikira, mazira kapena madzi a mcere. Zimene asanzazo zikalowa m'mapapo zingamuphe. Mgonekeni cam'mbali kuti malovu ndi masanzi zituluke, ndipo nyamukani naye nthawi yomweyo. Musaiwale botolo kapena cikalata cake. Cikulungeni bwino mupite naco, pakuti anamwino akawerenga dzina la mankhwalawo adziwa cocita. Pa mankhwala ambiri a mtundu umenewu pali jekeseni yochedwa atropine imene imabweza munthu ku imfa, koma jekeseniyo iri kucipatala, siiri pamudzi.

Ndinene pang'ono za mapiritsi aja otuwa amene ena amaika m'matumba a cimanga kuti anankafumbwe afe. Mapiritsi amenewo akakhudzana ndi cinyezi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo alibe mankhwala owasukulutsa. Matumba otere sayenera kugona m'nyumba imodzi ndi anthu. Ndiponso ndikudandaulirani, abale anga, lekani kutsanulira mankhwala a m'munda m'mabotolo a zakumwa. Mwana wa zaka zitatu sawerenga. Ndipo pamene munthu wamwa dala cifukwa ca ngongole kapena mkangano wa m'nyumba, imeneyo si nthawi ya milandu ndi matonzo. Ameneyo ndi wodwala; apite kucipatala, ndipo akabwerako apeze anthu omumvetsera, mankhwala onse atatsekeredwa ndi loko.

Ndifike pa njoka. M'caka ca 2017 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a maiko otentha, ndipo limati anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa caka ciriconse pa dziko lapansi cifukwa ca njoka. Olumidwawo ndi anthu onga ife: wopalira wosabvala nsapato, mai wotola nkhuni, mwana wopisa dzanja kuuna wa mbewa. Mphiri simathawa, imagona duu panjira kufikira mutaiponda, ndipo ululu wake umatupitsa mwendo ndi kuoletsa mnofu. Mamba imagwira mitsempha: zikope zimalemera, mau amasokonekera, kumeza kumakanika, kenaka kupuma kumaleka.

Makolo athu anatisiyira njira zao, ndipo sindinabwere kudzanyoza makolo. Koma pa nkhani iyi madokotala afufuza mokwanira, ndipo yankho lao ndi limodzi. Kutema mphini pabala sikucotsa ululu, kumangoonjeza cironda. Kuyamwa ndi pakamwa sikuthandiza. Mwala wakuda uja sukoka kanthu. Coipa koposa ndi kumanga mwendo zolimba ndi mphira kapena luzi, pakuti magazi akaleka kuyenda kwa maola angapo mwendo umafa, ndipo munthu amene akadacira ndi miyendo iwiri amabwerako ndi umodzi. Cocita ndi ici: msunthireni kutali ndi njokayo, mkhazikeni mtima pansi, mvuleni mphete, zibangili ndi nsapato thupi lisanatupe, mangirirani mwendowo kukamtengo momasuka kuti usagwedezeke, ndipo mnyamuleni. Asayende yekha, asathamange, asamwe kacasu. Amuna asataye nthawi kusaka njoka m'thengo, cifukwa wolumidwa waciwiri amapezeka pamenepo. Njoka ija yolavula ikalavulira munthu m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, ndipo pitani naye kucipatala. Ngati banja lifuna kuonana ndi sing'anga, palibe amene adzaliletsa pambuyo pake. Koma maola oyamba ndi a cipatala, kumene kuli mankhwala olimbana ndi ululu.

Citukuko cimene tonse timacifuna cabwera ndi mano ake. Lero tiri ndi zigayo, makina otonola cimanga ndi oswa nsawawa, mathirakitala ndi njinga zamoto zonyamula anthu, kuonjeza pa nkhwangwa, zikwanje, mapulawo ndi nyanga za ng'ombe zimene tinali nazo kale. Lamba wa cigayo akagwira citenje kapena dzanja la malaya samva kukuwa. Woyamba kufika azime injini asanakhudze munthu, ndipo wina aime pamenepo kuti pasakhale woilizanso. Magazi akamatuluka, mankhwala ake ndi dzanja lanu: tengani nsalu yoyera koposa imene iripo, kanikizani pabala ndi mphamvu zanu zonse, osasuzumira, kwa mphindi zosacepera 10. Nsalu ikanyowa musaicotse. Ikani ina pamwamba. Cinthu cikalasa ndi kutsalira m'thupi musacizule. Cirikizani m'mbali mwake. M'cironda musathire dothi, phulusa, ndowe kapena mafuta a galimoto, pakuti m'dothi ndi m'ndowe ndimo mukhala kacirombo ka kafumbata. Cala cikaduka citoleni, cikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa, ciikeni m'pulasitiki pamalo ozizira, cipite pamodzi ndi mwini wake.

Wina adzafunsa kuti, nanga kumanga mwendo kuja mwakuletsa pa njoka, pa magazi kuli bwanji? Funso limeneli ndilo lionetsa cifukwa cake tifuna maphunziro, osati mphekesera. Pamene mkono kapena mwendo wadukiratu, kapena magazi akuthovoka osaleka ngakhale mwakanikiza, kumanga zolimba pamwamba pa bala kumapulumutsa moyo, ndipo womangayo ayenera kulemba nthawi imene wamanga kuti akauze adokotala. Cinthu cimodzi comweco cipulumutsa pano, cipundula apo. Amene sanaphunzire sangasiyanitse.

Cimodzimodzi munthu amene wagwa pa ngolo, mumtengo wa mango kapena padenga la cigafa ca fodya. Cizolowezi cathu ndi kumdzutsa, kumkhazika tsonga ndi kumpatsa madzi. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena anena kuti miyendo saimva, kumdzutsa kumeneko kungamgoneke pamphasa moyo wake wonse. Mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke, ena anai amnyamule pamodzi ngati mtanda umodzi, agonekedwe pa citseko, ndipo asadye kapena kumwa kanthu kufikira ataonedwa.

Zina ndingozichula mwacidule, cifukwa aphunzitsi adzazionetsa ndi manja. Wopsa ndi moto athiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osati mazira kapena mankhwala otsukira mano. Wakhunyu akagwa pamoto mkokeni. Khunyu sipatsirana, ndipo m'kamwa mwake musaikemo supuni. Woombedwa ndi mphezi alibe moto m'thupi. Mgwireni, ndipo ngati sapuma yambani kumthandiza kupuma. Womira m'madzi mponyereni cingwe kapena nsungwi m'malo modziponya nokha. Munthu akakomoka pansi pa citsime cakuya, kawirikawiri ndi cifukwa ca mpweya woipa, ndipo wotsikira mothamanga kukamtenga amakomokanso. Asatsike munthu wopanda cingwe m'cuuno ndi amuna omgwira pamwamba. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 ndi kupita kukalandira katemera tsiku lomwelo, cifukwa ciwewe cikaonekera sicicizika. Wotsegula m'mimba kwambiri apatsidwe madzi owiritsa okwana lita imodzi, osakaniza ndi masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere, azimwa ali paulendo.

Koma pa nyama yofa yokha ndiime pang'ono, pakuti ife a Kum'mawa tinaphunzira mowawa. M'caka ca 2011 mvuu zambiri zinafa mumtsinje wa Luangwa m'boma la Chama. Anthu, pokhala ndi njala ya ndiwo, anasenda ndi kudya. Oposa 500 anadwala matenda a anthrax, ndipo asanu anamwalira. M'caka ca 2023 matenda omwewo anabukanso ku Sinazongwe, m'Cigawo ca Kum'mwera, ndi kufalikira kumadera ena. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, magazi akuda akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, siyenera kutumbulidwa konse. Wophunzitsidwa wa pamudzi akhale ndi mphamvu, mothandizidwa ndi a nyakwawa, yoimika mipeni ndi kuitana alangizi a ziweto. Ndidziwa kuti kukwirira ng'ombe yathunthu kumapweteka mtima. Maliro amapweteka koposa, ndipo amadya ng'ombe ina.

Tsopano, atsogoleri anzanga, ndifike pa mbali imene iri yanu. Aphunzitsi alipo: a Red Cross, a St John, anamwino ndi alangizi a zaumoyo a pa kiliniki yanu. Cimene iwo sangacite ndi kusankha anthu, cifukwa sadziwa midzi yanu monga muidziwira inu. Ndipo ndilankhula mosabisa: maphunziro ambiri a kumidzi amafera pa kasankhidwe. Kukamveka kuti kuboma kuli maphunziro a masiku atatu, ndipo kuli cakudya ndi kandalama ka m'thumba, maina amene amatumizidwa ndi a mphwa wa a Cheyamani, mlamu wa a Mlembi, ndi mnyamata amene mwezi wamawa akwera basi kupita ku Lusaka kukafuna nchito. Setifiketi imapacikidwa pakhoma, ndipo tsiku la ngozi mudzi uli monga unaliri. Mtsogoleri wocita zotere waba moyo wa munthu amene sanamdziwe.

Sankhani anthu okhazikika, amene ali ndi munda ndi banja pamudzipo. Sankhani osaopa magazi, osaledzera, osunga cinsinsi, ndiponso amene mau ao amamveka anthu akasokonezeka. Mmodzi mwa iwo akhale wodziwa kuwerenga cikalata ca pabotolo. Asakhale mmodzi yekha, cifukwa mmodzi amadwala, amapita kumaliro, ndipo mutu umodzi susenza denga. Atatu pamudzi ndi ciyambi cabwino. Pa atatuwo pasalephere kukhala mai. Amai ndiwo amakhala pakhomo ana akapsa kapena akamwa parafini, ndiwo amacuruka m'minda, ndipo pali ngozi zina, monga kutaya magazi pambuyo pa kubereka, zimene mai amauza mai mnzake msanga kuposa mwamuna. Magulu a uchembere wabwino amene ali kale m'midzi yambiri agwire nchito pamodzi ndi anthu amenewa. Musaiwale mwini cigayo ndi anyamata a njinga zamoto, pakuti iwo amafika pangozi anthu ena onse asanafike.

Munthu wophunzitsidwa adziwe malire ake. Iye si dokotala. Sabaya jekeseni, sasoka bala, sagulitsa mapiritsi, ndipo sasunga wodwala kunyumba kwake kuti aone m'mene kucere. Salipiritsa nkhuku kapena ngwee. Ndiponso, ndipo ici ndicinena kwa inu monga anthu a Cipani, safunsa khadi. Njoka siifunsa munthu kumene anaponya voti, ndipo amene amanga bala asafunse. Pa cizindikiro ca dziko lathu panalembedwa kuti Zambia ndi imodzi, mtundu ndi umodzi. Tsiku limene wina adzasiyidwa akukha magazi cifukwa ca ndale, mau amenewo tidzakhala titawapereka kwa adani.

Maphunziro opanda ulendo ndi theka la nchito. Mudzi uliwonse ugwirizane lero, kusanagwe kanthu, kuti ngolo ya yani ndi ng'ombe za yani zidzanyamula wodwala usiku, njinga yamoto ya yani idzathamanga, ndipo mafuta ake adzalipiridwa motani. Kathumba ka mudzi kakhalepo, ngakhale banja lirilonse lipereke mbale ya nsawawa pokolola, kuti pasakhale kukambirana mtengo munthu akufa. Manambala a lamya a namwino wa pa kiliniki ndi a woyendetsa ambulansi alembedwe pakhoma la sukulu, pacigayo ndi kwa a nyakwawa, ndipo onse adziwe culu kapena phiri pamene lamya imagwira. Woimba anene zinthu zinai: kumene ali, cimene cacitika, anthu angati, ndi ngati wovulalayo akupuma ndi kulankhula. M'dzinja mudziwiretu njira ina yodzera mlatho ukamira.

Bokosi la zipangizo lisakhale lodula: magolovesi, mabandeji, nsalu zoyera zowiritsa, sopo, sizasi, tochi, mapaketi a mankhwala obwezera madzi m'thupi, ndi kabuku kolembamo ngozi iriyonse. Kabukuko musakapeputse. Komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu ikaona kuti ngozi zitatu zacitika pa cigayo cimodzi, idzadziwa kuti lamba wa pamenepo afunika cochinga. Za ndalama musanene kuti kulibe kopempha. M'caka ca 2022 thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, la CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse, ndipo zopempha zimadzera m'makomiti a citukuko a m'mawadi, m'mene ambiri a inu mumakhala. Lamulo la 2010 loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linakhazikitsanso makomiti ofika mpaka kumidzi, pansi pa ofesi ya Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko. Tikadziwa kupempha mlatho ndi cipinda ca sukulu, tidziwenso kupempha maphunziro ndi mabokosi amenewa.

Dzanja limaiwala cimene silicita. Cotero ophunzitsidwawo aziyeseza pamaso pa mudzi wonse kawiri pa caka: mvula isanagwe, pamene njoka zituluka ndipo mapampu atsika pakhoma, ndiponso pa nthawi yokolola, pamene makina alira ndi ngolo zilemedwa. Ana a sukulu aonerere, ndipo mmodzi agone pa citseko anzake amnyamule.

Alembi a nthambi, mukabwerera kwanu itanitsani misonkhano pamodzi ndi a nyakwawa ndi a komiti ya zaumoyo. Maina atatu a mudzi uliwonse asankhidwe poyera, anthu onse akuona, alembedwe pamodzi ndi dzina la mwini ngolo ndi la mwini njinga yamoto amene avomera, ndipo mndandandawo uperekedwe kwa akulu a kiliniki yanu ndi kwa a khansala mwezi uno usanathe, kuti aphunzitsi adziwe kumene ayambire.